Lole ya Tiyese

Tiyese Zuze anadziwa kuti ali ndi lole tsiku la Lolemba, cha m'ma teni koloko, atakhala pabenchi mu ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma la Mwanza. M'mawa umenewo anali atayenda wapansi kuchokera kumudzi kukafika pa Thambani, n'kukwera kumbuyo kwa pikapu pamodzi ndi mbuzi ziwiri ndi matumba a mtedza. Munthu wokhala ndi lole yakeyake sayenda choncho, koma iye anali asanauzidwe.

Chimene chinamubweretsa chinali china. Tiyese anasankhidwa kukaphunzira unamwino ku yunivesite, woyamba m'mudzi monse, ndipo anthu anavina mpaka fumbi kobo. Kuvina kutatha aliyense anabwerera kwawo, fizi n'kutsala pomwepo. Bambo ake anapita ku Joni iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mpaka lero akadali m'njira yobwerera. Mayi ake, a Esime, anali ndi munda wa pamtsetse, mbuzi zinayi ndi mitengo ingapo ya manachesi. Choncho Tiyese anafunsira ngongole ya ophunzira osowa, monga amachitira ana onse a anthu otere. Yankho linabwera pafoni, lalifupi: pempho lakanidwa, wopemphayu si wosowa.

Amene amathandiza ophunzira kuchita apilo anali a Nthanda, mayi wa ku Dowa amene ntchito inawaponya ku Mwanza zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Zaka zimenezo zinali zitawathera kudabwa konse. Analemba nambala ya chitupa cha unzika cha Tiyese pakompyuta, n'kuyamba kuwerenga mosakweza kapena kutsitsa mawu.

"Tiyese General Dealers. Mwini wake Tiyese Zuze. Lole ya matani atatu, yoyera. Mumalowetsa mafuta ophikira, supageti ndi ufa wa tirigu kuchokera ku Tete, chino ndi chaka chachitatu." Anavula magalasi. "Bizinesi ikuyenda?"

Tiyese anati alibe bizinesi. A Nthanda anati iwo akumukhulupirira popeza nsapato zake aziona, koma kompyuta siona nsapato.

Loleyo Tiyese amaidziwa bwino. Inali ya amalume ake a Anderson, achimwene awo a mayi ake, amene amakhala pafupi ndi malire. Anaikwerapo kamodzi popita kumaliro kwa Kanduku, kumbuyo, ndipo dalaivala anamulipiritsa.

A Nthanda anatulutsa fomu ya masamba awiri. Anati iyi ndi ya ophunzira odziyimira paokha, amene alibe kholo kapena wachibale woti n'kuwalipirira. Koma fomuyo payokha siingagwire ntchito pamene kompyuta ikuti mwanayu ali ndi lole. Pamafunika chimodzi mwa ziwiri: kalata ya mwini bizinesi weniweni yovomera kuti anagwiritsa ntchito dzina la wina, kapena lipoti la apolisi lokhala ndi umboni wogwirika. Tsiku lotseka apilo linali Lachisanu masana. Likadutsa osachita kanthu, malo ake ku yunivesite apita kwa wina. Anamufunsanso ngati akumudziwa munthu amene anachita zimenezi. Tiyese anayang'ana pansi n'kunena kuti akafufuza. A Nthanda anati ndi mmene amayankhira onse amene akumudziwa munthuyo.

Pano mpofunika muwadziwe a Anderson. Anali mwinimbumba wa banja lonse. Ukwati sumangidwa iwo asanafike, maliro saikidwa iwo asanalankhule. Amayenda ndi mafoni atatu, imodzi ya nambala ya ku Mozambique, ndipo munthu aliyense iwo amamutcha amigo, ndiye kuti bwenzi, ngakhale abusa. Fizi ya Tiyese ya fomu fili ndi fomu folo analipira iwowo, ndipo nkhani imeneyi panalibe munthu pakati pa Thambani ndi Zobue amene sanaimve kuchokera pakamwa pawo. Tiyese amawaopa, amawathokozanso kuchokera pansi pa mtima. Tsiku limenelo, akutsika masitepe a ofesi, anamva kwa nthawi yoyamba kuti akudana nawo, ndipo chidanicho chinamuchititsa manyazi.

Anakhota pa kashopu ka fotokope kamene amagwirako ntchito Deliwe, mnzake wa kusekondale. Deliwe anamvetsera nkhani yonse akulumikiza mapepala a munthu wina. Anati kalata amalumewo sangalembe, chifukwa palibe munthu amadzikumbira yekha dzenje. Chofunika n'kuwatepa. Anatenga foni ya Tiyese, yomwe anamugulira ndi amalume omwewo atakhoza mayeso, n'kumuonetsa batani lofiira. Anati akadine asanalowe pageti, foniyo akaibise mkati mwa bulauzi, kenako akawasiye alankhule okha, popeza amuna a mafoni atatu savuta kulankhulitsa.

Lachiwiri Tiyese anapita kumalire. Nyumba ya a Anderson inali kuseri kwa mzere wa mathiraki odikira mapepala, ndipo iwo anali pakhonde, pampando wa ndalema, akudya chinangwa chootcha. Tiyese anadina batani lija ali pageti. Kenako anachita chimene anaphunzitsidwa asanadziwe n'kuwerenga komwe: anakagwada kumapeto kwenikweni kwa khonde, masitepe anayi kuchokera pa mpando, mutu pansi, mawu otsika. Mwana wamkazi wolelewa bwino sakhala mophatikana ndi amalume ake. Deliwe za zimenezi sanaganizeko, ndipo Tiyese sakanaganizako, monga mmene munthu saganizira za kupuma.

Moni yekha anatenga mphindi khumi. Anafunsana za mwendo wa a Esime, za mbuzi, za mvula ya chaka chatha ndi ya chaka chamawa. Kenako Tiyese anazungulira nkhani yake ngati munthu wolambalala chithaphwi. Anati kuofesi kuja kwapezeka kachinthu kodabwitsa pang'ono, mwina makina alakwitsa.

A Anderson sanabise kalikonse. Anaseka, n'kunena kuti makina sanalakwitse. Dzina lawo linapsa pamalirepo zaka zitatu zapitazo chifukwa cha kankhani ka msonkho, ndipo munthu wopsa dzina salembetsa bizinesi.

"Ndiye lako linali likungogona m'chitini mwa mayi ako, losagwira ntchito iliyonse," anatero. "Dzina la mwana n'la banja. Wamva?"

"Eya, amalume."

"Fizi yako imachokera kuti? Si lole yomweyo?"

"Zoona, amalume."

Za kalata anati aiwale. Akalemba kalata yotero, lole ilandidwa, ndipo mbumba yonse idya chiyani? Anati sukulu siithawa. Chaka chamawa zinthu zikayera adzasintha mapepala, iye n'kudzafunsiranso. Tiyese amadziwa kuti malo a ku yunivesite sadikira munthu, ndipo mumtima amalira ndi ukali. Pakamwa pake panatuluka kuti zikomo kwambiri amalume, mwatithandiza. Atatsanzika n'kufika pageti, a Anderson anamukuwira chakumbuyo, mwanthabwala zawo zija, ndipo iye anayankha mwaulemu. Anakwera kabaza wobwerera ku boma ali wokondwa ndithu, poti munthu anali ataulula yekha.

Zotepazo anazimvetsera awiriwo kushopu kwa Deliwe, wina kachingwe khutu ili, wina khutu ilo. Munali mathiraki. Munali tambala. Munali mtima wa Tiyese ukugunda, ndi m'mimba mwake mukulira chifukwa sanadye m'mawa. Mawu a a Anderson amamveka chapatali ngati wailesi ya nyumba yachitatu, osagwirika ngakhale liwu limodzi. Koma a Tiyese, amene pakamwa pake panali pafupi ndi foni, amamveka bwino kuposa a muulutsi. Eya amalume. Zoona amalume. Ndamva amalume. Deliwe anayesa kuwerenga ma eya aja n'kulekera pa makumi atatu.

Chiganizo chimodzi chokha cha a Anderson ndi chimene chinalowa chonse, chija anakuwa Tiyese ali pageti: "Lole yakoyo uziisamala, bwana!" Ndipo pambuyo pake, momveka bwino kwambiri: "Zikomo, amalume."

Deliwe anachotsa kachingwe kukhutu n'kukapinda mosamala. Anati izi zikapita kupolisi, womangidwa akhala Tiyese, ndipo iye Deliwe akanakhala woweruza sakanachedwa nazo. Anamufunsa chifukwa chake anakakhala kutali choncho. Tiyese anati akanakhala pati, pamiyendo pawo? Deliwe anavomera kuti funsolo linali loona.

Mwayi wachiwiri unabwera wokha. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo a Anderson anali ataona kuti mwana amene wabwera kudzafunsa lero akhoza kukafunsa kwina mawa. Lachitatu masana lole yoyera inatsika mtsetse wa kumudzi, itanyamula a Anderson, paketi ya shuga ndi botolo la mafuta ophikira. Anabwera kudzacheza ndi mlongo wawo.

Kwawoko mlendo wa nyengo imeneyi amamuikira dengu la manachesi pamapazi, ndipo akuluakulu akayamba zawo mwana amachokapo. Ulemu umene unamuwonongera Tiyese dzulo lake lero unamugwirira ntchito. Anathyola manachesi, anadina batani, foni anaiika pansi pa dengu chakumbali n'kuikwirira ndi zipatso, kenako anagwada n'kuliika dengulo pakati pa mapazi a amalume ake ndi mphasa ya mayi ake. Anatenga ndowa n'kupita kumjigo. Kumjigoko analola aliyense amene anabwera pambuyo pake kuti atunge kaye, mpaka amayi ena anamufunsa ngati akudwala.

Lole itapita, anakatenga foni pakati pa makoko n'kukakhala kuseri kwa khola la mbuzi. Inali itatepa mphindi makumi asanu ndi ziwiri.

Ulendo uno zonse zinalowa. Kusenda kumamveka, kulavula nthanga kumamveka. A Anderson amamveka ngati ali m'khutu momwe. Ananena za lole, za dzina lopsa, za mafuta a ku Tete, ndipo Tiyese anayamba kumwetulira. Kenako panamveka phokoso la dzanja likufufuza m'dengu, chete pang'ono, mphasa n'kukhwekhwerezeka. Mawu a a Esime anabwera pafupi, okwera kuposa mmene amalankhulira masiku onse.

"Achimwene, mundikumbutse poti mutu wangawu. Lole ija ndi ya ndani?"

"Ndi yanga, mukufunsa chiyani?"

"Mwanayu amadziwapo kanthu?"

"Akanadziwa bwanji? Anali fomu thuu."

"Nanga chitupa chake anakupatsani ndani?"

"Munandipatsa ndinu, achemwali. Ndipo pamapepala paja anasaina ndani? Si inu?"

"Ndine," anatero a Esime. "Ndinasaina ndine."

Kumwetulira kwa Tiyese kunathera pomwepo. Anamvetsera mayi ake akufotokoza, pang'onopang'ono ngati akuuza mlendo, mmene achimwene awo anabwerera chaka chija n'kunena kuti fizi ya fomu fili ituluka pokhapokha chitupa chituluke m'chitini. Anafotokoza mmene anatengera kope lakale la Tiyese n'kukhala masiku atatu kuseri kwa nyumba akutsanzira dzina lolembedwa pachikuto, iwo amene sukulu analekera sitandade wanu, mpaka dzanja linazolowera. Anati anapereka dzina la mwana kuti mwanayo aphunzire, lero dzina lomwelo lamutsekera sukulu.

A Anderson anati n'chifukwa chake abwera. Mwanayo amuuze akhale pansi. Akapita kupolisi, woyamba kulowa m'chitokosi ndi amene anasaina, osati iwo. Koma anati sakudandaula kwenikweni, Tiyese sangachite zotero, analeledwa bwino. Pamenepo analavula nthanga n'kuyamikira manachesi a chaka chino.

Tiyese anakhala kuseri kwa kholako mpaka mbuzi zinabwera zokha. Anakwiya ndi mayi ake, kukwiya kwenikweni, chifukwa zaka zitatu zonse amadya mbale imodzi osamuuza. Anawamveranso chisoni akaganiza za munthu wamkulu atakhala pansi ndi kope la mwana, akulimbana ndi chilembo chimodzichimodzi. Umboni anali nao tsopano, wokwana bwino. Koma khoswe anali atakhala pamkhate. Madzulo amenewo anadya osayang'anana, ndipo a Esime anangoti ndiwo zachepa mchere.

Lachinayi anabwereranso kwa Deliwe kukafunsa ngati mawu a munthu mmodzi angachotsedwe. Deliwe anati angathe, ndipo anayesa pakompyuta ya bwana wake kwa maola awiri. Zotsatira zake zinali zomvetsa chisoni. Chilichonse chimene a Anderson anavomera chinali yankho la funso la a Esime. Mafunso atachotsedwa, munatsala bambo akukangana ndi dengu la manachesi. Komanso m'chiganizo chilichonse chofunika munali mawu akuti achemwali, ndipo m'chofunikitsitsa munali akuti si inu munasaina. Deliwe anati zinthuzi n'zolukana, ukasolola chimodzi zonse zimamasuka. Anawonjezera kuti apolisi si ana, mawu odulidwadulidwa amawadziwa.

Tiyese anafunsa kuti iyeyo akanatani. Deliwe anati iye mayi ake anamwalira, choncho funso limenelo amulekere.

Pobwerera, kumbuyo kwa pikapu, Tiyese anaganiza zosiya. Anadziuza kuti anamwino alipo kale ambiri. Anadziuza kuti mwina chaka chamawa amalume adzasinthadi mapepala, ngakhale amadziwa kuti chaka chamawa cha a Anderson n'chimodzimodzi ndi ulendo wobwerera wa bambo ake. Anatulutsa foni kuti afufute zonse, koma pikapu imadumpha kwambiri ndipo anaibweza m'thumba.

Anawapeza mayi ake akusenda mtedza pakhonde dzuwa likupendeka. Anakhala pambali n'kuyamba kuthandiza. Patapita nthawi anati apilo ija waisiya, mapepala ake ndi ovuta.

A Esime sanadzutse mutu. Anafunsa ngati foni ija sinagwire mawu bwino.

Tiyese anafunsa kuti foni iti.

"Ya m'dengu," anatero a Esime. "Ndimafuna kuwasankhira amalume ako lokoma la pansi, ndiye ndinaona kuwala. Manachesi sayaka."

Tiyese anasiya mtedza.

"Ndinaikwiriranso, n'kusendeza mphasa. Moyo wanga wonse sindinakhalepo pafupi choncho ndi achimwene, mpaka anandiyang'ana. Ndimaopa kuti mawu anga sagwira, poti ndine wolankhula motsika. Anagwira?"

"Anagwira, amayi."

"Onse? Paja ndinati ndinasaina ndine panamveka?"

Tiyese anati panamveka, ndipo n'chifukwa chake sangapite nazo kulikonse. Anati sangakaphunzire kusamalira odwala mayi ake ali m'chitokosi. Apa misozi inali itayamba, ndipo ananenanso zina zimene anali asanakonze: kuti akanamuuza, kuti zaka zitatu n'zambiri, kuti dzinalo linali lake. A Esime anamvetsera zonse osadziteteza. Anati n'zoona, linali lake, ndipo iwo analitenga osapempha. Kuuza munthu pamaso zinawakanika, n'chifukwa chake anauza dengu. Kenako anati mawa adzuke msanga, pikapu yoyamba imanyamuka pa Thambani dzuwa lisanatuluke, ndipo mtedzawo asausiye choncho.

Lachisanu a Esime anatuluka m'nyumba atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, atanyamula chikwama. Munali bulangete, sopo, mbale ya pulasitiki ndi mankhwala a mwendo. Mbuzi anali atazisiya kale m'manja mwa a Malita a nyumba yoyandikana nayo, pamodzi ndi malangizo a miyezi isanu ndi umodzi. Anali atamva kuti kupolisi munthu amapita wokonzeka.

Wapolisi amene anawalandira anali bambo wodekha, wolemba pang'onopang'ono. Anamvetsera mphindi zonse makumi asanu ndi ziwiri, kuphatikizapo kulavula nthanga, popeza anati umboni sadumpha. Atamaliza anafunsa kuti mawu achizimayiwo ndi a ndani.  A Esime anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

Analemba sitetimenti ya Tiyese, analemba ya a Esime, anadinda lipoti. Kenako anauza a Esime kuti nkhaniyi ipita patsogolo ndipo adzaitanidwa, mwina kukhoti, koma lero apite kwawo popeza munthu wobwera yekha ndi bulangete sathawa. A Esime anaoneka okhumudwa pang'ono. Anafunsa ngati bwanayo akutsimikiza, chifukwa mbuzi apereka kale.

Nkhani pa boma la Mwanza siyenda wapansi. Asanafike n'komwe pa msewu waukulu, foni ya Tiyese inalira, nambala ya ku Mozambique. A Anderson anali atawoloka kale malire, ali ku Zobue, lole inali ku Zobue, ndipo sanafunse za mwendo wa munthu aliyense. Anati foniyo awapatse mlongo wawo. Tiyese anaimirira pambali akumva mawu akutuluka m'foni ngati njuchi. A Esime amangoti eya achimwene, ndamva achimwene. Atabweza foni anafotokoza mwachidule. Kuyambira lero a Anderson alibe mlongo dzina lake Esime, alibenso mwana wa mlongo. Ukwati wa Tiyese adzamange okha, maliro a m'nyumba imeneyo adzaike okha, ndipo wachibale aliyense wopondako phazi adzakhala wasankha mbali. A Esime anati achimwene awo akalankhula chinthu amachita, pa zimenezo n'ngokhulupirika. Atatero anapitiriza kuyenda.

Anafika kwa a Nthanda patatsala theka la ola. A Nthanda anawerenga lipoti la apolisi kuyambira pamwamba mpaka pachidindo, anayang'ana Tiyese, anayang'ana mayi wa chikwama. Anati mapepala akwana. Ngongoleyo inadzatulukadi patapita milungu isanu, koma zimenezo n'zam'tsogolo. Tsiku limenelo panatsala chinthu chimodzi: fomu ya odziyimira paokha imafuna mboni, munthu wamkulu womudziwa wophunzirayo kuyambira ali mwana. Nthawi yokasaka wina panalibe.

A Esime anati iwo amamudziwa kuyambira ali mwana.

A Nthanda anati lamulo silikaniza, koma ayenera kuwawerengera kaye chimene akuchitira umboni. Anavala magalasi n'kumasulira m'Chichewa, ndi mawu awo osakwera osatsika aja: "Ine ndikuchitira umboni kuti wophunzira uyu alibe kholo kapena wachibale aliyense womuthandiza, ndipo amadziyimira payekha."

A Esime anapempha kuti awerengenso. A Nthanda anawerenganso.

"Ndiye kuti ndivomere kuti ine palibe?"

"Akunena za fizi, mayi. Ndi mmene anailembera fomuyi basi."

A Esime anayang'anitsitsa pepalalo, limene sakanatha kuliwerenga. Tiyese anaona kuti Lolemba mawu amenewo akanakhala okokomeza pang'ono, popeza panali amalume, panali mbumba, panali lole yobwera ndi shuga. Lero anali oona ndithu, ndipo amene anawasandutsa oona anali mayi yemweyu, dala, ndi mphasa yake. Anafuna kunena kuti aleke, akasaka mboni ina, ngakhale amadziwa kuti nthawi yatha.

A Nthanda anawapatsa cholembera. A Esime anachikana, anati cholembera chinawalakwitsa kale, awapatse inki. Anaviika chala chachikulu n'kudinda mwamphamvu, mosamala, pakati penipeni pa kabokosi, n'kufunsa ngati pali penanso pofuna chala. Panalibe.

Apa Tiyese analephera kudzigwira. Anawagwira mkono mayi ake ndi manja onse awiri, pamaso pa a Nthanda ndi anthu a pabenchi, akulira ngati mwana wa kusikelo. A Esime anayang'ana a Nthanda, anayang'ana fomu imene inali isanalowe mu envelopu, kenako anachotsa manja a mwana wawo pamkono pawo, chala chimodzichimodzi.

"Ndisiye kaye mpaka tituluke," ananong'ona. "Angaone ngati uli ndi munthu."